Chilolezo cha zachilengedwe pokonzanso doko la mabwato pafupi ndi madambo a kunyanja

Doko ndi malo pomwe anthu amakwerera ndi kutsikira m'mabwato, kukwezerapo katundu ndi kutsitsirapo maboti m'madzi. Likakhala la simenti yotsetsereka yolowa m'madzi, ambiri amalitchula ndi dzina la Chipwitikizi loti rampa. M'madistrito ena a m'mphepete mwa nyanja yamchere doko ndilo msewu weniweni. Anthu a ku Inhassunge, m'chigawo cha Zambézia, amawoloka mtsinje wa Bons Sinais kuchokera ku Recamba kuti afike ku Quelimane ndi mpunga, kokonati ndi nsomba zawo. Opita ku Chinde, kumathero a mtsinje wa Zambeze, amadalira maboti ochokera ku Marromeu ndi ku Luabo. Rampa ikasweka, odwala ndi amayi oyembekezera amatsikira m'matope, ndipo matumba a chakudya amanyowa asanafike pamsika.

Ngakhale zili choncho, malamulo a dziko la Moçambique salola kuti doko lotere likonzedwe mwachisawawa. Ntchito yokonzanso doko lakale, ngakhale mwini wake ndi boma, imayenera kuunikidwa kaye ndi akuluakulu oona zachilengedwe. Chomwe chimalemera kwambiri pa kuunikako ndi malo omwe dokolo lili. Rampa yaying'ono yomwe ili pakati pa madambo a kunyanja itha kufuna kafukufuku wozama kuposa nyumba yaikulu yomangidwa pamtunda pouma.

Madambo a kunyanja ndi ntchito yake

Gombe la Moçambique ndi lalitali pafupifupi makilomita 2,700. M'malo ambiri, makamaka pomwe mitsinje imathira m'nyanja, muli nkhalango ya mitengo yomera m'matope a madzi amchere, yomwe pa Chipwitikizi amati mangal. M'dziko lonse nkhalangoyi ikuyerekezedwa kuti ndi mahekitala pafupifupi 300,000, ndipo chigawo chachikulu chili ku Zambézia ndi ku Sofala.

Mangal amagwira ntchito zomwe mlimi wa kumtunda angazifanizire ndi za dambo la kwawo. Mizu yake imagwira dothi kuti gombe lisakokoloke. Mitengo yake imachepetsa mphamvu ya mafunde ndi mphepo, chinthu chomwe anthu a ku Beira anachiganizira kwambiri pambuyo pa namondwe Idai mu Março 2019, ndi a ku Quelimane pambuyo pa namondwe Freddy mu Março 2023. M'timifuleni ta pakati pa mitengoyi ndi momwe ana a nsomba, nkhanu ndi camarão amakulira asanapite kunyanja yakuya. Usodzi wa camarão wa ku Banco de Sofala, womwe umabweretsa ndalama zakunja, umadalira malo amenewa.

Kufunika kwa madambowa kumadziwikanso kunja kwa dziko. Pangano la Ramsar, lomwe linasainidwa ku Iran mu 1971, limateteza madambo ofunika padziko lonse. Moçambique inalembetsa dera la Marromeu mu 2004, ndipo mu 2015 deralo linakulitsidwa kuti likhudze mathero onse a Zambeze, mahekitala oposa 3 miliyoni. Nyanja ya Niassa ndi gombe lake zinalembetsedwa mu 2011.

Momwe ntchito yaying'ono imawonongera dambo

Mitengo ya mangal imapumira m'mizu. Mtundu wina, wotchedwa Avicennia marina, uli ndi timizu tosongoka tomwe timatuluka m'matope ngati zikhomo. Timizuti tikakwiriridwa ndi dothi kapena mchenga wotayidwa pomanga, mtengo umabanika nkuuma pang'onopang'ono, ngakhale palibe amene waudula.

Chachiwiri ndi kayendedwe ka madzi. Kunyanja yamchere madzi amakwera ndi kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo ku Beira kusiyana kwake kumapitirira mamita 6 pa nthawi ya mwezi watsopano ndi mwezi wathunthu. Madzi amenewa amalowa ndi kutuluka m'dambo kudzera m'timifuleni. Msewu wopita kudoko ukakwezedwa ndi dothi popanda mapaipi okwanira pansi pake, umasanduka mpanda. Mbali imodzi madzi amaima osatuluka, mbali ina dothi limauma nkudzala mchere. Mbali zonse ziwiri mitengo imafa, ndipo nthawi zina madzi otsekeredwawo amasefukira m'minda ya mpunga yoyandikana nayo.

Chachitatu ndi kukumba pansi pa madzi kuti maboti azifika pafupi, ntchito yomwe amati dragagem. Kukumbako kumavundula matope, madzi nkuda, ndipo tinsomba ndi nkhono zimavutika. Matope akuda a m'mangal, omwe amanunkha ngati dzira lowola, ali ndi sulufule. Akaunjikidwa pamtunda nkukumana ndi mpweya amatulutsa asidi, yemwe mvula imamukokolera m'madzi ndi m'minda.

Palinso zotsalira za ntchito ndi za tsiku ndi tsiku: madzi otsukira simenti, mafuta ndi oyilo wa injini, zinyalala za pamsika womwe umabadwa paliponse pomwe pali doko, ndi mitengo yodulidwa kuti ikhale nkhuni kapena milimo ya zisakasa za antchito. Rampa yolimba ya simenti imasinthanso njira ya mchenga, kotero kuti gombe limakula mbali imodzi pomwe mbali ina likudyeka.

Malamulo okhudza ntchitoyi

Maziko ake ndi malamulo aakulu a dziko, omwe mu ndime 90 amati nzika iliyonse ili ndi ufulu wokhala m'malo achilengedwe abwino komanso udindo wowateteza. Lamulo la zachilengedwe, Lei do Ambiente nambala 20/97 la pa 1 Outubro 1997, limaletsa kumanga zinthu zomwe kukula kwake, mtundu wake kapena malo ake zingawononge kwambiri chilengedwe, ndipo limatchula mwapadera gombe la nyanja, madambo ndi malo okokoloka. Lamulo lomweli limati chilolezo cha zachilengedwe, licença ambiental, chimayamba kupezeka zilolezo zina zonse zisanaperekedwe.

Ndondomeko yopezera chilolezocho ili mu Decreto 54/2015 ya pa 31 Dezembro 2015. Imakhudza ntchito za boma ndi za anthu wamba mofanana. Município kapena boma la distrito likafuna kukonza doko, limakhala wopempha ngati kampani ina iliyonse.

Lamulo la malo, Lei de Terras nambala 19/97, limawonjezera mfundo ina. Malo onse ndi a boma, ndipo mamita 100 kuchokera pomwe madzi a nyanja amafika akakwera kwambiri ndi dera lotetezedwa, zona de protecção parcial. M'dera limeneli munthu sangapeze DUAT. Chomwe chimaperekedwa ndi chilolezo chapadera, licença especial, cha ntchito yodziwika. Doko lililonse la kunyanja lili m'kati mwa dera lotere.

Decreto 45/2006 ya pa 30 Novembro 2006 imateteza nyanja ndi gombe ku zonyansa. Imaletsa kutaya mafuta ndi zinyalala m'madzi, imateteza mangal, ndiponso imaletsa kuyendetsa galimoto pamchenga wa gombe. Galimoto zokoka maboti zimaloledwa kudzera pa rampa ndi njira zovomerezeka. Apa pakuoneka kuti rampa yomangidwa bwino imathandizanso chilengedwe, chifukwa imasonkhanitsa maboti onse pamalo amodzi m'malo moti aliyense aziboola njira yake m'nkhalango.

Maofesi oona za nkhaniyi

Dzina la unduna woona zachilengedwe lakhala likusintha. Unali MICOA kuyambira 1994, MITADER kuyambira 2015, kenako Ministério da Terra e Ambiente kuyambira 2020. Kuyambira 2025 nkhani zachilengedwe zili pansi pa Ministério da Agricultura, Ambiente e Pescas. Ntchito zikuluzikulu zimaunikidwa ku likulu ku Maputo, pomwe zapakati ndi zazing'ono zimaunikidwa ndi ofesi ya zachilengedwe ya m'chigawo. Bungwe la AQUA limayendera malo a ntchito kuona ngati zomwe zinalonjezedwa zikutsatidwa.

Pa ntchito ya doko pamafunikanso maganizo a akuluakulu oona za nyanja ndi maulendo a pamadzi, a zausodzi, komanso a ANAC ngati dokolo lili m'dera losungirako zachilengedwe. Ku distrito, maofesi a SDPI ndi SDAE ndiwo ali pafupi ndi anthu, ndipo nthawi zambiri ndiwo amaperekeza akatswiri kukaona malo.

Magulu anayi a ntchito

Decreto 54/2015 imagawa ntchito m'magulu anayi. Gulu la A+ ndi la ntchito zomwe zingawononge kwambiri, mosabwezeka, kapena zomwe zili m'malo osowa kwambiri. Zimafuna kafukufuku wathunthu, Estudo de Impacto Ambiental, yemwe amaunikidwanso ndi akatswiri oima paokha. Gulu la A limafunanso kafukufuku wathunthu. Gulu la B ndi la ntchito zomwe zovuta zake ndi zocheperapo, ndipo limafuna kafukufuku wachidule, Estudo Ambiental Simplificado. Gulu la C ndi la ntchito zomwe zovuta zake ndi zochepa kwambiri, ndipo wopempha amangolemba njira zabwino zosamalira malo zomwe adzatsate.

Wopempha sadzisankhira gulu. Akuluakulu ndiwo amagamula ataona mapepala ndi malo enieniwo. Pa ntchito yokonzanso doko, mafunso omwe amasintha gulu ndi odziwika. Kodi rampa yatsopano ikhala pomwe panali yakale, kapena ikula? Kodi padulidwa mitengo ya mangal? Kodi pakhala kukumba pansi pa madzi, ndipo matopewo akatayidwa kuti? Kodi msewu udutsa pa mfuleni? Kodi pali mabanja, minda, manda kapena malo oyanikira nsomba oti asamutsidwe? Kuphwanya simenti yosweka ndi kuthira yatsopano pamalo omwewo ndi ntchito yopepuka. Kukulitsa doko kulowa m'dambo, kukumba njira ya maboti kapena kusamutsa anthu kumakankhira ntchitoyo m'magulu apamwamba.

Lamuloli lilinso ndi mndandanda wa zomwe amati questões fatais, zinthu zomwe zikapezeka ntchito siloledwa konse pamalopo, monga m'kati mwa madera otetezedwa kotheratu. Zikatero chomwe chimatsala ndi kufuna malo ena.

Ndondomeko kuyambira pa pempho mpaka pa chilolezo

Gawo loyamba ndi kupereka pempho, instrução do processo. Wopempha amalemba za ntchito yomwe akufuna kuchita, chifukwa chake, ndalama zomwe idzadye, mapu a malo, momwe malowo akugwiritsidwira ntchito panopa, ndi fomu ya chidziwitso choyamba cha zachilengedwe. Amaphatikizanso umboni wa ufulu wogwiritsa ntchito malowo.

Gawo lachiwiri ndi kuunika koyamba, pré-avaliação, komwe kumatha ndi kuika ntchito m'gulu kapena kuikana. Lamulo limapatsa akuluakulu masiku 8 ogwira ntchito kuti ayankhe.

Gawo lachitatu ndi kafukufuku. Amachita ndi katswiri wolembetsedwa ku unduna, ndipo amalipira ndi wopempha. Pa magulu a A+ ndi A pamayamba lipoti lounika ngati ntchitoyo ndi yotheka ndi kulongosola zomwe ziyenera kufufuzidwa, lotchedwa EPDA. Pa gulu la B pamayamba ndondomeko ya zofufuza, termos de referência. Zimenezi zikavomerezedwa ndi pomwe kafukufuku weniweni amayamba. Pa doko, katswiri amayeza pomwe madzi amafika akakwera ndi akaphwa, amawerenga mitengo yomwe ingakhudzidwe, amaona mtundu wa matope, ndiponso amafunsa omwe amapeza chakudya pamalopo. Kafukufukuyo amatha ndi dongosolo losamalira malo, Plano de Gestão Ambiental, lomwe limanena choti chichitike, wochita ndi nthawi yake.

Gawo lachinayi ndi kuunika lipoti. Komiti ya akatswiri a maofesi osiyanasiyana imaliwerenga, ndipo itha kulivomereza, kulibweza kuti likonzedwe kapena kulikana. Masiku ogwira ntchito omwe lamulo limapereka ndi 30 pa kafukufuku wachidule, 45 pa gulu la A ndi 60 pa gulu la A+. Kafukufuku mwini wake amatenga nthawi yoposa pamenepa, makamaka ngati akufuna kuona malo m'dzinja ndi m'chilimwe momwe.

Chilolezo chili ndi masitepe. Pali chongoyembekezera, licença provisória, chomwe chitha kuperekedwa EPDA ikavomerezedwa. Pali chomangira, licença de instalação, chomwe chimalola kuti ntchito iyambe ndipo chimakhala zaka 2. Pomaliza pali chogwiritsira ntchito, licença de operação, chomwe chimaperekedwa akuluakulu akaona kuti zomangazo zatsata dongosolo, ndipo chimakonzedwanso pakatha zaka 5 zilizonse. Msonkho wa chilolezo umawerengedwa kuchokera pa ndalama za ntchito yonse: 0.30 peresenti pa gulu la A+ ndi 0.20 peresenti pa magulu a A ndi B. Ntchito ya gulu la B ya meticais 10 miliyoni, mwachitsanzo, imalipira meticais 20,000, kupatula malipiro a katswiri.

Msonkhano wa anthu

Pa magulu a A+, A ndi B, kufunsa maganizo a anthu ndi lamulo. Msonkhano umayenera kulengezedwa masiku osachepera 15 usanachitike, ndipo chidule cha lipoti chimayenera kupezeka kuti anthu achione. M'madera akumidzi uthenga umafika kudzera pa wailesi, kwa mafumu ndi kwa alembi a m'midzi. Zonse zonenedwa pamsonkhano zimalembedwa, ndipo lipoti la msonkhanowo limaperekedwa limodzi ndi kafukufuku.

Msonkhanowu ndi wofunika chifukwa anthu a pamalopo amadziwa zomwe katswiri wobwera masiku ochepa sangazione. Asodzi amadziwa pomwe madzi anafika pa chigumula chachikulu, ndi mbali yomwe mphepo imakankhira mabwato. Amayi otola nkhono ndi nkhanu amadziwa mfuleni womwe umadyetsa dambo lonse. Alimi a mpunga amadziwa pomwe madzi amchere amalowera m'minda. Makomiti a asodzi, Conselhos Comunitários de Pesca, ali ndi mawu pa kasamalidwe ka malo ophera nsomba, ndipo ayenera kuitanidwa.

Pali mafunso omwe amateteza anthu wamba. Pa nthawi yomanga, mabwato azikocheza kuti? Rampa ikatha, kodi mabwato opalasa adzakhala ndi malo, kapena idzakhala ya maboti a injini okha? Kodi padzakhala msonkho, ndipo adzatolera ndani? Kodi njira yopita kugombe idzakhalabe yotseguka kwa aliyense? Ogulitsa nsomba ndi zakudya adzaikidwa pati? Funso lolembedwa m'lipoti limayenera kuyankhidwa, pomwe dandaulo longonenedwa pamsika ntchito itayamba kale limavuta kulitsatira. Ngati pali osamutsidwa, Decreto 31/2012 imafuna dongosolo la kusamutsa anthu, ndipo moyo wawo kumalo atsopano suyenera kutsika poyerekeza ndi wakale.

Zomwe chilolezo chimalamula womanga

Lamulo limatsata masitepe anayi motsatana. Choyamba ndi kupewa kuwononga. Chachiwiri ndi kuchepetsa zomwe sizingapeweke. Chachitatu ndi kubwezeretsa malo owonongeka. Chachinayi ndi kulipira zotsalazo posamalira kapena kubwezeretsa malo ena ofanana nawo, zomwe amati contrabalanços de biodiversidade. Ndondomeko ya sitepe yomalizayi ili mu Diploma Ministerial 55/2022. Womanga saloledwa kulumphira ku sitepe yachinayi asanaonetse kuti zitatu zoyambazo anaziyesa.

Pa doko, kupewa kumatanthauza kumanga pomwe panali rampa yakale ndi kugwiritsa ntchito njira yomwe ilipo kale. Kuchepetsa kumatanthauza zinthu monga kuumba zidutswa za simenti pamtunda nkukaziyala madzi ataphwa, kuika mlatho wa mizati m'malo mothira dothi m'dambo, kuika mapaipi aakulu pansi pa msewu, kutchinga malo okumbidwa ndi nsalu yoletsa matope kufalikira, ndi kusunga mafuta kutali ndi madzi pamalo osadontha. Mchenga ndi miyala zimayenera kuchokera kumalo ovomerezeka, osati pagombe lomwelo. Zidutswa za simenti yakale zimachotsedwa, sizikankhidwira m'madzi.

Kubwezeretsa mangal kumafuna nzeru. Boma linavomereza ndondomeko yosamalira nkhalangoyi, Estratégia de Gestão do Mangal, ya zaka za 2020 mpaka 2024, ndipo m'madera monga Icídua ku Quelimane anthu akhala akudzala mitengo imeneyi. Zomwe akatswiri aphunzira m'maiko ambiri ndi zoti mbande zimafa ngati zadzalidwa pomwe madzi sayenda bwino, kapena ngati mtundu wa mtengo sukugwirizana ndi kuya kwa malowo. Nthawi zambiri kutsegula mfuleni wotsekeka kumathandiza kuposa kudzala, chifukwa madzi amabweretsa okha mbewu. Choncho dongosolo labwino limawerenga mitengo yomwe yakula pakapita zaka, osati mbande zomwe zinadzalidwa tsiku la mwambo.

Nthawi ya ngozi

Namondwe kapena chigumula chikaphwanya doko, anthu sangadikire miyezi yambiri kuti chithandizo chifike. Decreto 54/2015 imalola kuti ntchito zachangu zothana ndi ngozi zachilengedwe zichitike popanda kafukufuku wathunthu, koma akuluakulu a zachilengedwe amapereka malangizo ndipo amadzayendera pambuyo pake. Mwayi umenewu ndi wa ntchito yopulumutsa anthu pa nthawiyo. Doko latsopano lalikulu lomwe likumangidwa patapita chaka silingabisale pansi pa dzina la ngozi.

Kuyamba ntchito popanda chilolezo kumabweretsa chindapusa ndi kuimitsidwa kwa ntchitoyo nthawi yomweyo. Womanga yemwe ali ndi chilolezo koma sakutsata dongosolo lake amalangidwanso, ndipo wowononga ndiye amayenera kukonza kapena kulipira. Lamulo la zachilengedwe limapatsa nzika ufulu wopempha chidziwitso, wokadandaula ku maofesi a boma ndiponso wopita kukhoti kukapempha kuti ntchito yowononga iimitsidwe.

Kuchedwa ndi mtengo wake

Anthu ambiri amadandaula kuti ndondomekoyi imachedwetsa chitukuko, ndipo dandauloli lili ndi pogwira. Akatswiri olembetsedwa ambiri ali m'mizinda ikuluikulu, malipiro awo ndi okwera, ndipo distrito yosauka itha kupeza ndalama za simenti koma kusowa za kafukufuku. Mwezi uliwonse wodikira ndi mwezi womwe anthu akutsikirabe pa rampa yosweka.

Komabe kuchedwa kwambiri kumabwera pempho likaperekedwa mochedwa, kontrakitala atasainidwa kale, kapena mapepala akakhala osakwanira. Ntchito yomwe ndalama za kafukufuku zinaikidwa mu bajeti kuyambira pachiyambi, ndipo mapulani ake anajambulidwa kuti asalowe m'dambo, imadutsa msanga chifukwa imagwera m'gulu lopepuka. Kafukufuku amatetezanso ndalama za boma. Rampa yomangidwa popanda kuyeza kayendedwe ka madzi itha kukwiririka ndi matope kapena kudyeka pansi pakangopita zaka zochepa, anthu nkubwerera pomwe anayambira.

Zomwe zikukhudza anthu a kumalire

Alimi a ku Angónia, Tsangano, Macanga kapena Chifunde ali kutali ndi nyanja yamchere, koma malamulo omwewa amawapeza kwawo. Lei de Terras imateteza mamita 250 kuzungulira madamu, choncho madoko a asodzi a kapenta ndi pende pa Cahora Bassa, m'madistrito a Mágoè, Marávia ndi Zumbo, ali m'dera lotetezedwa. Ndondomeko ya lamuloli, Decreto 66/98, imatetezanso mamita 50 m'mphepete mwa mitsinje ndi nyanja zomwe mumayenda mabwato. Mamita 100 kuzungulira akasupe ndi otetezedwa, ndiponso makilomita 2 m'mbali mwa malire a dziko. Ku Metangula ndi ku Cóbuè, doko lili m'dera la Ramsar, ndipo kuyambira 2011 mbali ya nyanja ya Niassa ndi malo osungirako zachilengedwe, Reserva Parcial do Lago Niassa.

Magulu anayi a ntchito, masiku 15 olengezera msonkhano ndi ufulu wofunsa mafunso ndi zimodzimodzi pa doko la ku Zumbo, pa damu laling'ono lothirira mbatata ku Tsangano ndi pa rampa ya ku Recamba. Pa ntchito za m'mitsinje ndi m'madamu pamafunikanso mawu a ofesi yoona za madzi, Administração Regional de Águas, malinga ndi Lei de Águas nambala 16/91.

Mtsinje wa Zambeze umalumikizanso madera awiriwa. Madzi a Revúbuè ndi Luia amathira mu Zambeze, nkudutsa ku Tete ndi ku Mutarara mpaka kukafika m'madambo a Marromeu ndi Chinde. Kuchokera pomwe damu la Cahora Bassa linatsekedwa mu 1974, kasefukidwe ka madzi kumathero a mtsinjewu kanasintha, ndipo madambo akumeneko anayamba kulandira madzi mosiyana ndi kale. Zomwe zimatayidwa kapena kutsekedwa kumtunda zimakamveka kumunsi.

Ntchito ya doko ikalengezedwa m'dera, anthu ali ndi ufulu wofunsa ku ofesi ya distrito kapena ya município zinthu zinayi: gulu lomwe ntchitoyo yaikidwa, nambala ndi tsiku la chilolezo chomangira, dzina la katswiri yemwe anachita kafukufuku, ndi tsiku la msonkhano wa anthu. Ngati mashini afika pamalo mayankho amenewa asanapezeke, mfumu, komiti ya asodzi kapena munthu aliyense atha kukanena ku ofesi ya zachilengedwe ya m'chigawo kapena ku AQUA.